Ife si matumba a chimanga

Takhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, ife anthu aulumali a kuno ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, ndipo tapempha mwana wathu wodziwa cholembera kuti alembe zimene tikunena. Tikulembera inu mafumu ndi anyakwawa athu, inu akuluakulu a boma, inu eni magalimoto oyenda mumsewu wathu, ndi inu abale amene timadyera nanu m'mbale imodzi. Pakati pathu pali amene poliyo anawapinda miyendo ali makanda. Pali amene anaponda mabomba okwirira m'minda yawo yomwe atabwerako kothawa nkhondo. Pali osaona, osamva, achialubino, odwala khunyu, mnyamata amene dothi linamugumukira kumigodi ya golide, ndi amayi obereka ana akuluakulu osatha kukhala tsonga. Mavuto athu ndi ambiri, koma lero tikamba limodzi lokha, la maulendo.

Chatidzutsa ndi nkhani imene anabwera nayo mphwake wa mmodzi wa ife, amene amagwira ntchito ku Joni. Akuti ku Durban kumanyamuka sitima zapamadzi zikuluzikulu ngati phiri, zonyamula anthu opita kokasangalala basi, ndipo zina zimabwera kugombe la dziko lathu lomweli la Mozambique, ku Pomene ndi ku Ilha dos Portugueses kufupi ndi Inhaca. Kumaloko kulibe doko loti sitima yaikulu n'kugunda kumtunda. Imaima pamadzi akuya, anthu n'kumatsikira m'timaboti towafikitsa pamchenga. Tsono munthu wa pa njinga ya olumala, ngakhale walipira mofanana ndi anzake, nthawi zambiri amatsala m'sitimamo, n'kumaonera patali anzakewo akuponda mchenga. Titamva tinangoyang'anana. Ambiri a ife nyanja yamchere sitinaionepo, ndipo mwina tidzafa tisanaione. Koma kutsala kumeneko tikukudziwa ngati chikhatho chathu. Ngati zimagwera munthu wa ndalama zake, wa pasipoti m'thumba, nanga ife amene sitima yathu ndi lole ya fodya?

Ulendo wathu umayambira pakhomo, kutali ndi msewu. Midzi yathu yambiri ili mkati, ndipo chimene chimatilumikiza ndi msewu ndi tinjira ta m'minda, todutsa pa mizere ya fodya ndi chimanga, m'madambo ndi m'tizigwembe. Wa miyendo yake amadzuka tambala woyamba n'kukafika pamsewu kusanache. Ife timayamba dzana kupempha ngolo. Mwini ngolo akati ng'ombe zili ndi ntchito kumunda, ulendo wathera pompo. Akavomera, nkhuku yapita, kapena mwana wako akamulimira ganyu masiku awiri. Ngolo ikasowa ndiye kuberekedwa. Bambo wa imvi, amene anaika maliro a makolo ake ndi kukwatitsa ana, amapachikika kumsana kwa mwana wake wamwamuna, miyendo ili lendelende, akudutsa pachitsime pamene apongozi ake akutunga madzi. Mayi wina wa ife salola kuberekedwa. Amavala mapatapata m'manja, n'kukulunga nsanza m'mawondo, n'kumakwawa. Akafika pamsewu chitenje chimene anachapa dzulo chimakhala chitafiira ndi katondo, ndipo ulendo weniweniwo usanayambe.

Ena a ife tili nazo njinga za olumala zimene tinapatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo tikuthokoza. Koma zambiri anazipangira pansi pa simenti. Timatayala takutsogolo timatitimira mumchenga, nthawi ya dzinja matope amatimata mpaka sitizungulira. Minga imaboola chubu. Wokonza njinga zakapalasa pamsika amayesetsa, koma chitsulo chikathyoka china chofanana nacho kuno kulibe, ndiye timamanga ndi waya ndi mphira mpaka njingayo itasanduka mpando wa pakhonde. Ndodo zoyendera nazo mphira wa kunsonga amatha, timakhomerako kachidutswa ka tayala lakale. Mwendo wochita kupanga sukhala wokwana mpaka kale. Thupi likatsika umakhwepa, n'kumanyula chitsa mpaka zilonda, ndipo woukonza ali mumzinda wa Tete, kumene kumafunika ulendo womwe tikudandaulawu.

Pamsewu ndiye pamene mtima umasweka. Magalimoto kuno ndi owerengeka. Shapa, minibasi yonyamula anthu, ikakuphonya m'mawa, mwina kubwera lole ya fodya kapena ya ogula chimanga, mwinanso osabwera kanthu mpaka mawa. Galimoto ikatulukira, wotiperekeza amaimika dzanja. Dalaivala amachepetsa liwiro, kobradolo, wolandira ndalama za okwera, n'kusuzumira pawindo. Akangoona njinga kapena ndodo amamenya chitseko kuti tiyeni, ife n'kutsala m'fumbi loti mbuu. Tikadali kupukuta m'maso timaiona galimoto yomweyo ikuima patsogolo pang'ono, kunyamula munthu wa matumba atatu a mtedza ndi mbuzi. Matumba amapeza malo. Choncho tinaphunzira kubisala. Wotiperekeza amaima yekha pamsewu, ife tili phee kuseri kwa chulu kapena mu udzu, ndipo galimoto ikaima, ndalama italandiridwa kale, m'pamene timatulukira. Nkhope ya kobradolo imagwa, okwera amang'ung'udza kuti tiwachedwetsa. Taganizani munthu wamkulu, wosaba kanthu, wa ndalama yake m'manja, kubisala m'tchire ngati wakuba kuti akwere galimoto.

Za ndalamazo. Mnzathu walunga akamapita ku Tete amalipira mpando umodzi. Ife timalipira katatu: wathu, wa wotiperekeza, ndi wa njinga, imene amaiwerengera ngati katundu. Tikati njingayi ndi miyendo yathu, kodi ena amalipirira miyendo yawo, amatiuza kuti ngati sitikufuna titsike. Njingayo amaimangirira padenga, pansi pa matumba, chingwe n'kukoka mwamphamvu. Pofika wilo yapindika, chopondera chagwera m'njira, ndipo palibe woti n'kumufunsa. Ochepa mwa ife amalandira chithandizo cha boma, chimene kwa munthu wokhala yekha ndi mametikali 540 pamwezi. Ulendo umodzi wa anthu awiri ndi njinga, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo chakudya ndi pogona, umameza chithandizo cha miyezi ingapo. Ambiri salandira n'komwe. Amagulitsa mbuzi, kapena kutapa m'nkhokwe chimanga chimene chikanawafikitsa Febuluwale. Wotiperekezanso si kuti alibe zochita. Ngati ndi mwana, wajomba kusukulu masiku atatu. Ngati ndi mkazi kapena mwamuna wathu, fodya wapserera m'munda.

Kukwera kumene sitikonda n'kukukamba komwe, koma tikamba. Lole ilibe popondera. Wina amakugwira m'khwapa, wina miyendo, kukuzunguza kawiri, n'kukuponya pamwamba pa katundu monga achitira ndi thumba la chimanga. Sakufunsa pamene pakupweteka. Sakufunsa kuti tikugwireni bwanji, chonsecho mwini thupi ndi amene amadziwa kuti chiuno ichi sichipindika, phewa ili linaguluka kale. Ndipo salankhula nawe. Amafunsa wokuperekeza kuti, “Ameneyu atsikira kuti?” iwe uli pompo, makutu ali bwinobwino, dzina ulinso nalo. Amayi a pakati pathu apempha kuti izi zilembedwe momveka: pokwezedwa chitenje chimavukuka pamaso pa anthu, ndipo pali anyamata ena amene manja awo amapita kumene sanatumidwe. Mayi sangakuwe, chifukwa akakuwa amutsitsa, n'kugona pamsewu. Amangoluma mlomo. Mtsikana wina wa ife, wa nzeru zake, anakana kupitiriza sukulu yogonera komweko chifukwa cha kukwezedwa kumeneku pa kutsekera ndi kutsegulira kulikonse. Makolo ake anaganiza kuti ndi ulesi. Anaulula patapita zaka.

Tikakhala ndi ulendo timasiya kumwa madzi usiku wa dzulo lake. Phala la m'mawa sitilawa. Galimoto ikaima m'njira anthu amalumpha n'kulowa patchire, ife tilibe wotitsitsa ndi kutikwezanso, ndipo kupempha kawiri ndi kuputa mawu. Choncho timadzigwira, tsiku lathunthu, m'dzuwa la Okutobala, pamsewu wa mabampu. Alipo amene analephera kudzigwira. Mmodzi wa iwo kuchokera tsiku limenelo sanakwerenso galimoto, ndipo pamene tikulemba pano wangoti zyoli. Zimbudzi za m'misika ndi m'masiteji zili ndi khomo lopapatiza ndi chitunda pakhomo, pansi pali chonyowa. Amene amayenda ndi manja amalowa mmenemo ndi manja omwe adyere nsima.

Osaona ali ndi zawo. Kuno tili pa mphambano ya mayiko atatu, ndipo m'misika yathu mumayenda metikali, kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia. Wosaona akapereka ndalama n'kulandira chenji sadziwa kuti wapatsidwa ya dziko liti, ndipo kangapo anthu athu azindikira atafika kunyumba kuti anawapatsa pepala lopanda mphamvu. Amawatsitsa pamalo olakwika n'kuwauza kuti mwafika. Osamva galimoto ikasintha njira, kapena anthu akauzidwa kuti asamukire m'galimoto ina, iwo amangoona anzawo akutsika osadziwa chifukwa. Kobradolo akamawakalipira amangoona pakamwa pakuyenda, okwera n'kumaseka. Achialubino pamwamba pa lole yopanda denga khungu limapsa mpaka matuza, maso osatha kuphenya, ndipo chifukwa cha nkhanza zimene zakhala zikuchitikira anzawo kuno ku Tete ndi ku Malawi, galimoto ikafa usiku pakati pa tchire iwo sagona tulo. Wa khunyu akagwa m'galimoto anthu amathawa, poti ena amakhulupirirabe kuti khunyu ndi lopatsirana, chikhalirecho silipatsirana. Anamusiyapo mnzathu m'mbali mwa msewu asanatsitsimuke, mankhwala amene ankapita kukatenga asanawafike.

Mvula ikagwa ndiye kwatha. Msewu wafumbi umasanduka phala, magalimoto amasiya kubwera, kumatsala njinga zamoto. Pa mota pamafunika miyendo yopana ndi manja ogwira. Amene alibe amamumangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, wina n'kukhala kumbuyo kumuchirikiza, atatu pa mota imodzi pamatope oterera. Mwendo wopanda mphamvu umalendewera n'kukhudza paipi yotentha, ndipo poti ena sitimva kupweteka m'miyendomo, timazindikira ndi fungo. Galimoto ikatitimira onse amatsika kukakankha, iwe wekha n'kutsala m'mwamba ukumva akunena kuti kulemeraku ndi ameneyu. Mitsinje ikadzaza anthu amavula n'kuwoloka atasenza katundu pamutu, kapena amakwera bwato. Bwato ndi lopapatiza, limagwedezeka, limafuna munthu wolowa mwamsanga n'kukhala bata. Mwini bwato amatiyang'ana n'kupukusa mutu, ndipo sitimuda, chifukwa likagubuduka ife sitisambira. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ambiri a ife dziko lathu lonse ndi khonde la nyumba.

Mmodzi wa ife, bambo wachikulire, anakwerapo sitima yeniyeni. Inali nthawi ya nkhondo, pamene anthu a kuno tinabalalika, ena ku Malawi, ena ku Zambia mpaka ku msasa wa Ukwimi. Iye ali mnyamata anakafika kunyanja n'kukwera Ilala, sitima ija inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Imachoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay, ndipo alendo ochokera kunja amaikwera pofuna kuona dziko. Bamboyu amaikamba mpaka lero: madzi oti mbee mpaka kumene maso alekezera, usipa pagombe, mphepo ya mwera. Akuti m'malo ambiri sitimayo inkaima patali ndi gombe, anthu n'kutsika pa makwerero kulowa m'boti laling'ono likuvinavina pa mafunde, kenaka n'kudumphira m'madzi ofika m'chiuno. Iye ankadumpha ngati gwape. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kwawo, ndipo akuswa mphanje pamunda wa atate ake anaponda bomba. Mu 2015 boma linalengeza kuti minda ya mabomba yodziwika yatha m'dziko muno, ndipo tinakondwera, koma mwendo wake sunabwerere. Amati akanakonda kuionanso nyanja ija asanafe. Kenaka amakumbukira makwerero aja, n'kukhala chete.

Tikafika ku Tete timakhala titatheratu. Kuchokera kuno kumtunda kozizira, kutsikira m'chigwa cha Zambezi kuli ngati kulowa m'ng'anjo. Timafika madzulo maofesi atatseka, ndiye kugona pasiteji kapena pakhonde la sitolo, wotiperekeza atakumbatira njinga kuopa akuba. M'mawa tchopela, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, imafuna ndalama ina, ndipo njinga yosapindika simalowamo. Nyumba zambiri zili ndi masitepe. Pamene anaikapo potsetsereka, pena m'potsetsereka kwambiri koti wokukankha amachita kubwerera nawe m'mbuyo, pena aimikapo galimoto. Mawindo olandirira mapepala ali m'mwamba, moti wa pa njinga amangoonetsa dzanja, wolembayo osaona nkhope ya munthu amene akumulemba. Ndiye mawu amene timawaopa kuposa onse ndi akuti, “Mubwere sabata yamawa.” Wonenayo sadziwa kuti sabata yamawa ndi mbuzi ina. N'chifukwa chake ambiri timathawira ku Mchinji, ku Chadiza kapena ku Katete kumene kuli kufupi, koma nakonso ndi dziko la eni, pamafunika mapepala, ndipo njira yake ndi ya mota yomwe ija.

Mwina mukuganiza kuti tikungokamba za ulendo wa kuchipatala ndi wa kuofesi. Anthu amatimvera chisoni pa maulendo amenewo, ndipo nthawi zina amatithandiza. Koma pali ulendo wina umene tikautchula anthu amadabwa, ngati tapempha chosayenera. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu athu a kuno amapita, ena kudzera ku Cassacatiza n'kutulukira ku Chanida. Malole amanyamuka m'midzi yathu yomwe ino, odzaza ndi anthu, ng'oma, mitolo ya ufa, amayi akuimba. Amakabwera ndi nkhani za mwezi wathunthu: Gule Wamkulu wochokera m'madambwe a mayiko atatu, anamwali, mafumu atakhala mizeremizere, abale amene anasiyana nawo nthawi ya nkhondo n'kukakumana komweko. Ife timamva nkhanizo pakhonde. Mayina akamalembedwa a opita, kwa ife safika n'komwe. Tikadzipereka tokha amati, “Inu mukatani kumeneko? Kuli chinamtindi cha anthu, mukangovutika. Tsalani muzitiyang'anira nkhuku.” Amanena mwachikondi, ndipo n'chimene chimapweteka kwambiri, chifukwa sungakangane naye munthu amene akuti akukumvera chisoni. Koma ndife Achewa ifenso. Ndife a Banda, a Phiri, a Mbewe, a Mwale. Ena mwa amuna ali pano analowa kudambwe asanalumale, ena analowa ali olumala kale. Pali woimba ng'oma pakati pathu, wosaona, amene mbalule ikakhala m'manja mwake mudzi wonse umadziwa. Ku Mkaika sanapondeko.

Chimodzimodzi ndi misonkhano ya mpingo, maukwati, mpira wa anyamata athu akamakasewera ku Furancungo, ngakhale kungopita kukacheza kwa mwana wako amene anakwatiwa kutsidya, kukaona zidzukulu, kudya nawo nkhwani, n'kubwerako. Munthu sayenda chifukwa cha matenda okha. Zamaliro ndiye sitinena. Mayi wina pano mchemwali wake anamwalira ku Malawi, mtunda woti wa miyendo yake amafika tsiku lomwelo. Uthenga unafika madzulo. Anapempha ngolo, anadikira pamsewu tsiku lonse, magalimoto awiri anamupitirira. Anakafika anthu atabwerako kumanda, akusesa. Mpaka lero achibale ena amamunena kuti sanalire m'bale wake.

Tamva kuti malamulo alipo, ndipo ana athu atiwerengera. Mu 2006 mayiko a United Nations anagwirizana pangano la ufulu wa anthu aulumali, dziko lathu n'kulivomereza mu 2012. Ndime ya 9 ya panganolo imakamba za misewu, nyumba ndi zoyendera, kuti zikhale zofikika kwa ife, ndipo imatchula kumudzi, osati m'tauni mokha. Ndime ya 20 imakamba zoti tiziyenda patokha pa mtengo woti tingathe. Kuno kwathu kuli lamulo la 53/2008 lonena za kamangidwe ka nyumba zofikamo anthu onse, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali. Kalembera wa 2017 anapeza kuti tilipo opitirira 700,000 m'dziko muno. Kuli mabungwe otiyankhulira monga FAMOD, ADEMO ndi ACAMO, ndipo pa 3 Disembala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limatikumbukira. Zonsezi n'zabwino ndipo amene anazimenyera tikuwalemekeza. Koma kobradolo wa pamsewu wathu sanamvepo za ndime ya 9. Palibe anabwera kudzamuuza, ndipo akatisiya m'fumbi palibe kumene tingakanene. Pa 3 Disembala pomwepo mvula imakhala itayamba, ndipo ambiri a ife sititha kufika kumene kukuchitikira mwambo wathu womwe.

Sitikuti eni magalimoto onse ndi oipa. Tikudziwa kuti mafuta ndi odula, msewu umadya matayala ndi masipuling'i, ndipo kobradolo akapanda kukwanitsa ndalama ya bwana madzulo ntchito yatha. Alipo dalaivala wina amene akationa amaima, n'kutsitsa munthu wa kutsogolo kuti ife tikhale pamenepo, njinga osalipiritsa. Alipo anyamata a mota amene amayenda pang'onopang'ono akanyamula ife. Amenewa Mulungu awadalitse, ndipo akutionetsa kuti n'zotheka. Zimene tikupempha si za mtengo wapatali. Mpando wa pafupi ndi chitseko ukhale wathu tikakhalapo. Njinga ndi ndodo zisalipiritsidwe, ndipo ziikidwe pamwamba pa katundu, osati pansi. Lole iliyonse yonyamula anthu ikhale ndi kamakwerero kapena thabwa lolimba, zimene kalipentala wa pamsika angakhome tsiku limodzi. Musanatinyamule mutifunse, ndipo mayi anyamulidwe ndi amayi anzake ngati alipo. A mfumu ndi a boma aitane madalaivala ndi makobradolo, ifenso tikhalepo, tilankhule tokha. Okonza miyendo ndi njinga azibwera kuno ngakhale kawiri pachaka, nthawi ya chilimwe, m'malo moti anthu makumi atsike kupita kwa munthu mmodzi. Ndipo pomanga chimbudzi cha pamsika, khomo likhale lotakata, chitunda chisakhalepo.

Mutikhululukire, mafumu athu, ngati mawu athu pano akwera. Sitinaleredwe kukalipira akuluakulu, ndipo ambiri a ife tazolowera kuthokoza ngakhale pamene tapwetekedwa, poopa kuti mawa sadzatinyamulanso. Koma mkwiyo ulipo, ndipo tikabisa tikhala tikunama. Nthawi ya chisankho galimoto imafika mpaka pakhomo, ngakhale kumene amati kulibe njira. Tsiku limenelo timanyamulidwa bwinobwino, timatchedwa amayi ndi abambo, dzina lathu limadziwika. Ndiye njirayo imasowa bwanji mawa lake? Fodya wathu, amene ena a ife timasankha ndi kumanga titakhala pansi, lole imamutsata mpaka kuchigafa, imamufunditsa lona kuti asanyowe, imamuyala bwino kuti asaphwanyike. Fodya ali ndi ulemu kuposa womusankha. Izi zimatiwawa, ndipo tatopa kunamizira kuti sizitiwawa. Tatopa kubisala kuseri kwa chulu. Tatopa kugona ndi ludzu chifukwa choti mawa kuli ulendo. Palibe mwa ife anapempha poliyo, palibe anakwirira bomba lija, ndipo inu amene mumamenya chitseko kuti galimoto ipitirire, mumayenda pamsewu womwewo umene walumaza anzanu ambiri. Chaona mnzako chapita. Sitikutemberera munthu, tikungonena zimene taona, chifukwa ena amene akhala nafe pansi pa mango pano kale ankatipitirira.

Pepani ngati tapyola muyeso. Mwana wolembayu dzanja latopa, ndipo ena a ife tili ndi mtunda woti tikwawe dzuwa lisanalowe. Tagwirizana chinthu chimodzi. Tayamba kusonkha, wina nkhuku, wina chitini cha mtedza, wina mametikali ake ochepa, kuti chaka chino woimba ng'oma wathu uja ndi ena atatu akafike ku Mkaika. Tsiku lonyamuka tidzakhala pamphambano ya pamsika m'mamawa, poyera, njinga ndi ndodo zathu zili pambali pathu, ndalama ya mpando ili m'manja. Lole ikadzafika, tikupempha idzaime.